Amene Anaboola Rediyeta ya Chevelle

1

Mkazi wanga akuti nkhaniyi ndiyambe ndi kupepesa. Ine ndiyamba ndi galimoto, chifukwa pa tonse amene tili m'nkhaniyi, galimotoyo yokha ndi imene sinatukwane munthu.

Ndi Chevelle ya 1970, yofiira psuu, ya mizere iwiri yakuda pa boneti. Ndinaigula mu 1979 ndili mnyamata wa tsitsi lambiri ndi nzeru zochepa. Tsitsilo linathothoka, nzeru sizinawonjezekere, koma galimoto ikadali mmene inalili. Ikalira, mawindo a anthu oyandikana nafe amanjenjemera, agalu n'kukumbukira kuti ali ndi ntchito ina kuseri kwa nyumba.

Ine ndine Wendell Haas. Ndili ndi zaka 67, ndipo 34 mwa zimenezo ndinazisiya m'fakitale yopanga magiyabokosi kuno ku Toledo. Ine ndi Darlene tinabereka mwana mmodzi yekha, Kelsey, namwino wa ana. Ali ndi zaka zisanu ndi chimodzi anandilumbiritsa kuti tsiku la ukwati wake ndidzamutengera ku tchalitchi pa Chevelle, ine pa chiwongolero, iye pambali panga. Ndinalumbira. Panthawiyo ndinkaganiza kuti adzakwatiwa ndi munthu wodziwa kusiyanitsa sipanala ndi supuni.

Anabwera ndi Desmond Pruitt.

Desmond ndi mphunzitsi wa nyimbo ku pulayimale. Tsiku lonse amaphunzitsa tiana kuliza zitoliro, akaweruka n'kukwera kagalimoto kake kotuwa kamene kamanong'ona ngati kakuopa kudzutsa wodwala. Manja ake ndi ofewa ngati buledi wam'mawa. Tsiku loyamba nditamuonetsa Chevelle, anaizungulira mwaulemu ngati akuona nkhope ya malemu, n'kunena kuti:

"Ndi yokongola kwambiri, bambo Haas. Koma mafuta ndiye imamwa, eti?"

Ndinakweza mutu kudikira mphenzi. Sinabwere.

2

Linali Lamlungu la mu Epulo, kutatsala masabata asanu ndi limodzi kuti ukwati uchitike. Titadya nyama yootcha ndi mbatatesi, ndinatsuka galimoto pabwalo. Nditangomaliza kuipukuta, Darlene anatulukira pakhomo atagwira m'chiuno.

"Iwe Wendell, mpatse Desmond makiyi ailowetse m'galaja."

"Makiyi a chiyani?"

"A ndege. Mpatse. Mwezi wamawa akhala mwana wako."

"Mwana wanga ndi mmodzi, ndipo ngakhale iyeyo sanaiyendetsepo."

Kelsey anangoti, "Adadi," ndi mawu aja amene anayamba kundigonjetsa nawo asanamere mano. Ndinapereka makiyi.

M'galaja mwanga muli kampira ka tenesi kolendewera pa chingwe kuchokera kudenga. Kakangokhudza galasi lakutsogolo, umaima. Ukapitirira, ukumana ndi tebulo langa la zida, ndipo tsiku limenelo pa vaisi, chopanira zitsulo, panali chitsulo chachitali chowonda chomwe ndinkachiwongola, chitaloza kukhomo ngati mkondo. Desmond analowetsa galimoto ngati wasenza mazira pamutu. Kamtunda koti mwana n'kulumpha katatu kanamutengera nthawi yoti munthu n'kumwa khofi kapu yonse. Anatsika thukuta lili kamukamu, amayi awiri aja n'kumuwombera m'manja ngati wachokera kunkhondo. Ndinalanda makiyi anga, ndinatseka galaja.

Lolemba masana, Darlene atabwerako kogawa chakudya ku tchalitchi, anandipeza nditaima m'galaja muja. Pansi panali thamanda la madzi obiriwira a mu injini. Chitsulo chija chinali chitadutsa pakati pa nthiti za kutsogolo kwa galimoto n'kukabaya rediyeta pamtima penipeni.

"Mayo ine!" anatero Darlene. "Chachitika n'chiyani?"

"Anailowetsa ndani dzulo?" ndinamufunsa.

3

Desmond anabwera atangoweruka, akadali ndi tayi yake yojambulidwa timagitala. Anagwada, anayang'ana chitsulo, anayang'ana kampira kaja, kenako anatembenukira kwa ine.

"Ine ndinaima kampira katangokhudza galasi, bambo Haas."

"Ndiye kuti chitsulocho chinayenda chokha. Chinatopa kukhala pa vaisi, chinafuna kuona dziko."

"Adadi, sanachite dala," anatero Kelsey.

"Ndikudziwa, mwananga. Kuchita dala kumafuna luso."

Rediyeta imeneyo ndi yomwe galimoto inatuluka nayo m'fakitale, yamkuwa, ya manambala ake enieni. Zaka zoposa makumi asanu inapirira chisanu cha ku Ohio ndi dzuwa la mu Julaye, n'kudzafera m'manja mwa woliza zitoliro. Ndinawauza zonsezi kawiri, kuopa kuti mwina koyamba sanamvetse.

Wokonza marediyeta m'tauni muno anati kuikonza ndi madola 900, komanso tidikire miyezi itatu chifukwa ntchito yamuunjikira. Yatsopano yofanana nayo inali madola 1,400. Desmond atamva mitengoyo anameza malovu. Malipiro a mphunzitsi tonse timawadziwa, ndipo ochepa omwe anasunga anali atapita kale ku holo ndi kwa ophika.

"Chabwino," anatero. "Ndipeza ina."

"Ndi ndalama za zitoliro?"

"Ndipeza yotchipa."

"Wamva, Darlene? Yotchipa. Akufuna kuveka mfumukazi mapatapata."

Ndinaika lamulo langa pomwepo: rediyeta ikhale yamkuwa, ya chaka chomwecho, ya manambala oyenera. Kupanda apo Chevelle situluka, mkwatibwi apite ku tchalitchi pa basi.

Lachinayi anafika ndi katoni. M'katimo munali rediyeta ya aluminiyamu, yonyezimira, ya madola 210 yomwe anaitanitsa pa intaneti. Ndinaigogoda ndi chala.

"Iyi ndi yabwino," ndinatero. Nkhope yake inawala. "Yabwino kuphikira nyemba. Bweza."

4

Loweruka tinapita ku kaunjika wa zitsulo, amene amachitikira pa bwalo la chionetsero cha zaulimi. Ndinamuponyera makiyi a pikapu yanga.

"Uyendetse ndiwe. Uphunzire kuti mabuleki ali mbali iti."

Kumeneko ndi kumene amuna a mimba zazikulu amagulitsana dzimbiri pa mtengo wa golide. Pakati pawo mfumu ndi Lonnie Kessler, amene ndinagwira naye ntchito zaka zambiri, ndipo m'zaka zonsezo sindinamumvepo akunena zoona kawiri motsatizana. Tinamupeza atadzaza pa mpando wansalu, akudya soseji m'buledi.

"Wendell Haas! Ukadali moyo? Ndamva kuti mkamwini wako wapha Chevelle."

"Ndi uyu."

"Aa, ndi ameneyu? Pepani achimwene, sindinkadziwa kuti masiku ano zigawenga zimavala majuzi."

Amalonda onse a mzere umenewo anafa ndi phwete. Desmond anamwetulira ngati munthu amene wapondedwa chala m'tchalitchi.

Lonnie anasolola rediyeta pansi pa tebulo. Yamkuwa, yakuda, yolemera.

"Yochokera mu Chevelle ya 1970. Mwini wake anali gogo wina amene ankangoyendera ku mapemphero. Madola 300, poti ndiwe."

"Werenga manambala," ndinamuuza Desmond. "Magalasi ndaiwala."

Anawerenga. Anali enieni. Mtima wanga unagunda kamodzi mwamphamvu.

"Bambo Kessler, tingathiremo madzi?" anafunsa Desmond.

"Madzi a chiyani? Sukundikhulupirira?"

"Ndinawerenga kuti munthu aziyesa asanagule."

"Anawerenga!" anakuwa Lonnie. "Wendell, mkamwini wako amawerenga!"

Desmond anatseka kunsi ndi chikhatho chake chofewa chija, n'kukhuthulira botolo lonse la madzi pamwamba. Poyamba panatuluka udzu ndi ubweya, nyumba ya mbewa ndi katundu wake yense. Kenako madzi anayamba kutuluka malo asanu ndi limodzi, ngati akuthirira dimba.

"Imeneyo sikudontha," anatero Lonnie. "Ikutuluka thukuta. Kwatentha lero."

Tinabwerera chimanjamanja. Njira yonse ndinkaimba kamluzu.

5

Pofika sabata yachitatu, nkhani inali itafika kulikonse. Kometa tsitsi ankaikamba. Ku tchalitchi amuna ankamugwira Desmond paphewa n'kumufunsa ngati angawalowetsere wilibala m'shedi. Alongo ake a Darlene anamupatsa dzina loti Chiboola, ndipo pa phwando la mphatso la Kelsey wina anakulunga kampira ka tenesi m'pepala lokongola. Mayi ake a Desmond anaimbira foni Darlene kufunsa ngati mwana wawo akukwatira mkazi kapena akulipira mlandu, ndipo amayi awiriwo anasiyana osatsanzikana.

Amene anafalitsa zonsezi ndi ndani? Ine ndinangouza anthu atatu kapena anayi. Pa tsiku.

Desmond sanadandaule. Akaweruka ankaimba mafoni ku Michigan, ku Kentucky, kwa aliyense amene ali ndi zitsulo kuseri kwa nyumba. Ziwiri zina anazipeza. Imodzi ndinati ndi ya galimoto ya injini yaing'ono. Inayo ndinangoigwira ndi manja n'kunena kuti sinandisangalatse.

Lachitatu lina Kelsey anabwera kunyumba akadali mu yunifolomu. Anakhala patebulo la kukhitchini osakhudza khofi.

"Adadi, mukudziwa kuti mpaka lero sanapepese?"

"Ndazindikira."

"Ndamuuza kuti, Desmond, ngozi imachitika, ingopita ukawauze adadi kuti pepani. Akuti rediyeta agula, koma pepani sanena. Ndikamufunsa chifukwa, akungoti sangathe. Kanthu kakang'ono ngati kameneka akuuma nako khosi. Nanga tikadzalowa m'banja, akadzandilakwira chachikulu? Munthu wosatha kunena pepani ndikhala naye bwanji?"

Mwana wanga analira pamaso panga. Ndipo ine, bambo wake womubereka, ndinamugwira dzanja n'kunena kuti:

"Ndi zomwe ndakhala ndikunena."

6

Kutatsala masabata awiri, Desmond anandiimbira.

"Bambo Haas, ndaipeza. Ili ku Indiana, kupitirira Fort Wayne. Ndikutengani Loweruka m'mawa."

Mwini wake, Mayi Tuttle, anali wamasiye wa zaka za m'ma 80, wamfupi, wa ndodo ndi pakamwa pakuthwa. Mwamuna wawo Harlan anamwalira zaka zitatu zapitazo n'kuwasiyira nkhokwe yodzaza ndi zitsulo.

"Anthu ena amasiyira akazi awo nyumba ku Florida," anatero akutsegula chitseko. "Wangayo anandisiyira dzimbiri. Rediyeta yanuyo ili apo, m'bulangete. Bulangetelo linali la pabedi pathu."

Desmond anawerenga manambala. Enieni. Anathiramo madzi. Sinadonthe ngakhale kadontho. Ndinaipapasa mbali zonse, ndinaigogoda, ndinainunkhiza.

"Utoto wake wasuluka," ndinatero.

"Inu bambo," anatero Mayi Tuttle, "mwabwera kudzagula rediyeta kapena kudzafunsira mbeta? Madola 400."

Desmond anali ndi 250. Anawauza choncho, osazungulira. Mayiwo anapukusa mutu, komabe anatiitanira m'nyumba kuti tidye kaye chitumbuwa cha maapulo, poti alendo a ku Ohio amaoneka anjala. Pabalaza panali piyano yakale yofunditsidwa nsalu yoluka. Desmond anapempha kuti aigwire. Anadina katatu n'kukwinya nkhope ngati waluma mwala m'mpunga.

"Inaleka kuimba bwino Harlan asanadwale," anatero mayiwo. "Wokonza wake amafuna ndalama zoti ndigulire ng'ombe."

"Ya kusukulu kwathu ndimakonza ndekha. Zida zake ndimayenda nazo m'chikwama."

Maola atatu ndinakhala pa sofa ndikumva "ting, ting, ting", munthu atalowetsa mutu m'mimba mwa piyano. Atamaliza anaimba nyimbo ya m'tchalitchi imene mayiwo anatchula. Mayi Tuttle anaimirira pakhomo la kukhitchini mpaka inatha. Kenako anamina.

"Madola 150," anatero. "Bulangete musiye."

Pobwerera Desmond ndiye ankaimba kamluzu. Ine ndinati mutu ukundipweteka.

7

Tinaimanga Loweruka lotsatira, kutatsala sabata imodzi. Ndikati tinaimanga, ndikutanthauza kuti ine ndinaima pambali ndikulamula, Desmond n'kumamanga. Anadzicheka chala, anadzigunda mutu pa boneti kawiri, koma pofika masana mapaipi onse anali m'malo mwake. Anathira madzi, anakhala pa mpando, anatembenuza kiyi. Chevelle inabangula. Tinaisiya ikulira mphindi makumi awiri. Pansi panali pouma gwa.

Anazimitsa n'kutsika. Ndinatambasula dzanja.

"Makiyi."

Ndinamva akulowa m'thumba mwake.

"Bambo Haas," anatero motsitsa mawu, "rediyeta ndagula. Mayina onse amene mwandipatsa ndalandira. Koma Kelsey sakwera galimoto imene inu mukuyendetsa."

"Wati chiyani?"

"Mwandimva."

"Iwe woliza zitoliro, m'galaja mwanga, galimoto yanga, mwana wanga! Bweretsa makiyiwo ndisanakuthyole zala zoimbira piyanozo!"

Phokosolo linatulutsa Darlene ndi Kelsey m'nyumba.

"Desmond, n'chiyani?" anafunsa Kelsey.

"Akukana ndi makiyi anga! Akuti sindikuyendetsa pa ukwati wako!"

"Desmond, wapenga? Apatse adadi makiyi awo."

"Sindiwapatsa."

"Chifukwa?"

"Afotokoze okha."

"Afotokoze chiyani? Unawaboolera galimoto, wakana kupepesa, lero ukufuna kuwalanda chinthu chimodzi chimene akhala akudikira zaka makumi awiri ndi zisanu? Ukubwezera eti? Chifukwa anakuseka?"

"Kelsey, ndikhulupirire."

"Ndikukhulupirire pa chiyani? Lankhula!"

Ndinkamva kupuma kwa mwana wanga. Kenako panamveka kaphokoso kakang'ono, "nge", pa boneti ya Chevelle, ndipo Darlene anati, "Kelsey, ayi, bweza pachala imeneyo!"

Mpheteyo sindinaione ikuvulidwa. Ndinali nditaima mapazi atatu kuchokera pamene panali Kelsey, dzuwa lili ngwee, ndikumuyang'ana kumaso. Pamalo pa nkhope yake panali chimtambo chotuwa.

"Kelsey," ndinatero. "Rediyeta ndinaboola ndine."

8

Zinayamba chaka chatha. Mizere ya pamsewu inayamba kukhota, zilembo za m'nyuzipepala n'kumasowa pakati. Mu Januwale ndinapita kwa dokotala wa maso mobisa, nditanama kuti ndikukagula matayala. Anandiuza kuti ndi nthenda imene imadya pakati pa diso n'kusiya m'mbali. Chimene wachiyang'ana ndicho sukuchiona. Anati akhoza kuichedwetsa koma osati kuibweza, ndipo anati ndisagwirenso chiwongolero. Ndinamuthokoza, ndinatuluka, ndinayendetsa pikapu kubwerera kunyumba.

Lolemba lija Darlene atachoka, ndinatulutsa Chevelle. Ndinafuna kudziyesa ngati ndingathe kuyenda mtunda wa kuchokera kunyumba kukafika ku tchalitchi. Pa mphambano yachiwiri mayi wina wokankha mwana pa kangolo anatulukira m'chimtambo chija ali pafupi kwambiri moti ndinamva mwanayo akulira. Ndinaponda mabuleki ndi mapazi onse awiri. Mayiyo ananditukwana, ndipo ankanena zoona. Ndinabwerera kunyumba, ndinalowa m'galaja, kampira kaja sindinakaone.

Nditaima m'thamanda lija ndinazindikira zinthu ziwiri. Choyamba, sindingayendetse mwana wanga. Chachiwiri, galimoto ikakhala yakufa, palibe amene adzandifunse chifukwa chake. Ndiye Darlene anafika n'kufunsa chimene chachitika, ndipo pafupi panali mkamwini woti n'kumusenzetsa. Rediyeta iliyonse imene munthu uja ankabweretsa ndinkaikana chifukwa sindinkafuna kuti ipezeke. Itapezeka, ndinayamba kudzinamiza kuti ndi mphambano zisanu ndi ziwiri zokha, ndiyenda pang'onopang'ono, Mulungu adzaona m'malo mwanga.

Zonsezi ndinazinena nditatsamira galimoto.

Nditamaliza, anayamba ndi Darlene.

"Januwale," anatero. "Mu Febuluwale unanditengera ku Ann Arbor, pa chipale chofewa. Ine ndikuluka juzi pambali pako ngati chitsiru."

"Msewu umenewo ndimaudziwa pamtima."

"Magalimoto enawo umawadziwanso pamtima?"

Kelsey anatembenukira kwa Desmond. "Iwe unkadziwa?"

"Ndinkakayikira kuyambira pa Khirisimasi. Bambo anga malemu ankayang'ana anthu cham'mbali chomwechi, ndipo pothira khofi ankaika chala m'kapu. Nditaona pamene galimoto inaima Lolemba lija, ndinatsimikiza."

"Osandiuza? Ine namwino, mwana wawo?"

"Bambo anga ndinawaulula ndine kwa amayi. Anamwalira patapita zaka zinayi asanandikhululukire. Ndinafuna kuti awa anene okha. Ndinkaganiza kuti rediyeta ikapezeka asowa pobisala." Anapumira m'mwamba. "Sindinkadziwa kuti ndi ouma mutu chonchi."

"Amuna awiri," anatero Kelsey. "Wina wabodza, wina wachete. Ndasankha bwino kwambiri."

Anatuluka. Mphete inatsala pa boneti.

9

Inakhala pamenepo masiku awiri. Palibe amene anayerekeza kuigwira. Lachiwiri m'mawa ndinamva chitseko cha galaja chikutseguka, kenako Kelsey analowa kukhitchini mphete ili pachala, n'kukhala moyang'anizana nane.

"Ndakupezerani dokotala wina Lachisanu. Ndikuperekezani ndine. Laisensi yanu ndipatseni."

Ndinaipereka.

"Adadi, za masozo ndikanalira nanu limodzi. Ngakhale za rediyeta ndikanaseka tsiku lina. Koma ndinakhala pampando uno ndikulira, ndikukayikira munthu wosalakwa, inu mukudziwa zoona zake, n'kundigwira dzanja. Chimenecho sindikudziwa kuti ndichiika pati."

Anaika laisensi ija m'thumba n'kutuluka.

Chilango china anakonza ndi Darlene. Anandikweza pikapu n'kundiyendetsa ngati ng'ombe ya pamsika: kometa tsitsi, kwa alongo ake, kwa mayi ake a Desmond, mpaka kwa Lonnie Kessler. Paliponse ndinkatsika n'kunena mawu omwewo: rediyeta ndinaboola ndine, mnyamata uja ndinamunamizira. Mayi Pruitt anandisiya nditaima pakhonde mpaka khofi wawo atatha. Lonnie anamvetsera mpaka kumapeto, n'kunena kuti:

"Wendell, ine ndimanamiza anthu pa madola 300. Iwe unafuna kugulitsa mwana wako ulele."

Kwa Desmond ndinapita ndekha, wapansi. Ndinamupeza akukonza chitoliro cha mwana wina. Ndinati pepa. Anati wamva. Kenako anandifunsa ngati ndadya.

Tsiku la ukwati, Chevelle inaima pabwalo itapukutidwa. Kelsey anatuluka m'diresi loyera, limene ndinaliona bwino ndikayang'ana kumbali. Funso linali loti ayendetse ndani, poti mkwati sangatenge mkwatibwi asanamukwatire. Darlene anavula nsapato zake zazitali n'kundipatsa kuti ndinyamule.

"Iwe, magiya anayi amenewo uwatha?" ndinamufunsa.

"Ndinkayendetsa thirakitala ya bambo anga iwe ukuyenda pa njinga. Khala kumbuyo."

Anatuluka pageti matayala akulira, utsi uli tolotolo. Kelsey anakuwa, kenako anaseka, kuseka kwenikweni kumene ndinali ndisanakumve mwezi wathunthu. Ine kumbuyo ndinakumbatira nsapato ndikupemphera.

Pakhomo la tchalitchi mwana wanga anakoleka dzanja lake m'mkono mwanga. Anthu onse anaimirira, akuona bambo akuperekeza mwana wake. Sanamve zomwe ankandinong'oneza: "Sitepe, adadi. Ina. Tsopano pafulati, tiyeni."

10

Inu owerenga, makamaka amuna anzanga a imvi, sindikulalikirani. Amene anandilalikira ine analipo ambiri, kuphatikizapo dokotala wa masatifiketi khoma lonse, ndipo mwaona mmene ndinawamverera. Ndingokuuzani kuti tsiku limene thupi liyamba kukulandani zinthu, mudzafuna munthu woti mumuloze chala, ndipo amene adzakhale pafupi ndi yemwe amakulemekezani kwambiri moti sangakuyankheni. Ine ndinkaopa kuti banja langa lindiona ngati nkhalamba yosaona. Mmalo mwake linandiona ngati nkhalamba yosaona komanso yabodza. Phindu lake ndi limenelo.

Kelsey amabwera Lachisanu lililonse kudzanditengera ku jekeseni wa m'maso. Amandilankhula bwino, amandigulira khofi. Koma akakhala ndi chomupweteka mumtima, masiku ano amaimbira mayi ake. Kale ankaimbira ine. Chimenecho sichipezeka ku kaunjika aliyense, ndafufuza.

Rediyeta ya Mayi Tuttle ikugwira ntchito bwino. Lamlungu lililonse tikadya, Desmond amatulutsa Chevelle n'kunditengera kunja kwa tauni, kumene kuli minda ya chimanga ndi misewu yowongoka. Galimoto imene inabadwira kuthamanga amaiyendetsa ngati tanyamula bokosi la maliro. Mathirakitala amatipitirira. Sabata yatha ndinalephera kupirira.

"Iwe Desmond, ponda moto! Msewu wonsewu ndi wathu!"

"Chikwangwani chija mwachiona, bambo?"

"Chikwangwani chiti?"

"N'chifukwa chake ndikuyendetsa ndine," anatero.